Mutu 11: Mphaka Akasiya Kugwira Mbewa

Munthu akatuluka mumzinda wa Lusaka pa msewu wa Great East, n'kudutsa mphambano yokhotera ku bwalo la ndege la Kenneth Kaunda, sachedwa kulowa m'boma la Chongwe. Limeneli ndi dziko la Asoli, la Mfumu Yaikulu Nkomeshya Mukamambo II, ndipo kwa zaka zambiri linkadziwika ndi minda ya chimanga, ng'ombe za mkaka za ku Palabana, sukulu ya aphunzitsi ya Chalimbana ndi mishoni ya Kasisi. Koma Lusaka wakula mpaka kusefukira kum'mawa. Ku Silverest ndi madera ozungulira, kumene kale kunali thengo ndi mafamu, lero kwadzaza nyumba za mipanda ya njerwa ndi mageti achitsulo. Tauni ya Chongwe ili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 45 kuchokera pakati pa Lusaka, ndipo mu kamtunda kameneka mukukhala amphaka a magazi amodzi amene moyo wawo wasiyana kutalitali.

Wina ndi mphaka wa kumudzi. Ameneyu ndi wantchito, anabwera pakhomo chifukwa makoswe anavuta m'nkhokwe. Palibe amene amamuwerengera pogula ndiwo. Amadya mbewa, makoswe, abuluzi, ziwala ndi timbalame, ndipo akachita mwayi amapatsidwa kambamu ka mkute. Mavuto ali nawo: njoka za m'mimba, utitiri, agalu, ndiponso khoswe wodya mankhwala amene amapha ndi womudya yemwe. Kunenepa sikuli m'gulu la mavuto ake.

Winayo ali kuseri kwa geti. Anamufula ali wamng'ono kuti asamayendeyende, zomwe ndi zabwino, koma mphaka wofulidwa amakonda kudya kwambiri pamene mphamvu zimene thupi lake likufuna zatsika ndi gawo limodzi mwa magawo 4 kapena kuposerapo. Nyumbayo ilibe nkhokwe, chimanga chimabwera chogayagaya m'thumba. Iye amagona pa sofa, mbale yake siuma, ndipo alendo akamuona amati, "Koma ndiye mumamusamala!" Mwini wake amamwetulira. Kwathu kuno thupi ndi umboni wakuti pakhomo pali mtendere, ndipo pa ng'ombe kapena nkhumba maganizo amenewa ndi omveka, poti zimagulidwa poona nyama. Mphaka sapita kwa abutchala. Mafuta ake adzawasenza yekha mpaka kufa, ndipo kawirikawiri amamufulumizitsa kufako.

Kumene anthu anayamba kalekale kusunga amphaka m'nyumba, vutoli linafika poipa. Mu 2022 bungwe la Association for Pet Obesity Prevention la ku America linapeza kuti amphaka 61 pa 100 alionse amene anapimidwa anali olemera kupitirira muyeso. Mphaka wonenepa kwambiri amadwala matenda a shuga mosavuta, pafupifupi ka 4 kuposa mnzake wa thupi labwino. Mafupa amamupweteka molumikizira, amasiya kudumpha, ndipo kusiya kudumphako kumamunenepetsanso. Amalephera kupinda msana kuti adzinyambite kumbuyo, choncho ubweya wa pafupi ndi mchira umapotana n'kuyamba kununkha.

Kodi wanenepadi?

Maso amanamiza, makamaka pa mphaka waubweya wambiri, ndiye ntchitoyi ndi ya manja. Mphakayo ataimirira, yendetsani zala pang'onopang'ono m'nthiti zake. Muyenera kuzimva nthitizo mmene mumamvera mafupa a kuseri kwa dzanja lanu lotambasula: zilipo, zikuwerengeka, koma zakutidwa ndi kamnofu. Ngati mukuchita kukanikiza kuti muzipeze, mafuta achuluka. Kenako muyang'aneni muli pamwamba pake. Kumbuyo kwa nthiti payenera kuoneka chiuno cholowa pang'ono. Madokotala a ziweto amagwiritsa ntchito muyeso wa manambala 1 mpaka 9, pamene 5 ndiye thupi labwino, ndipo nambala iliyonse yopitirira 5 ikutanthauza kuti kulemera kwaonjezeka ndi pafupifupi 10 peresenti. Amphaka ambiri a kuno amayenera kulemera makilogalamu 3 ndi theka mpaka 5.

Mimba yaikulu payokha si umboni. Amphaka ambiri athanzi ali ndi kachikopa kolendewera kutsogolo kwa miyendo yakumbuyo, kamene kamagwedezeka akamathamanga, ndipo kameneko ndi kachibadwa. Kamwana ka mphaka kotupa mimba koma nthiti zili pamtunda nthawi zambiri kali ndi njoka. Mphaka wamkazi wosatsekedwa akhoza kukhala ndi bere, lomwe limatenga masiku pafupifupi 65. Mimba yotupa mwadzidzidzi ikhoza kukhala madzi a matenda. Onsewa kuwachepetsera chakudya n'kuwapweteka. N'chifukwa chake ndi bwino kuti dokotala amuone kaye. A Chongwe ali ndi mwayi kuti sukulu ya madokotala a ziweto ya Samora Machel, pa Yunivesite ya Zambia, ili pamsewu womwewu wa Great East, ndipo mu Lusaka muli zipatala zina za ziweto.

Thupi lopangidwira mbewa

Kholo la mphaka wa pakhomo ndi vumbwe, amene mpaka lero amapezeka m'tchire la Zambia ndi Malawi. Anayamba kuyandikira anthu cha ku Middle East zaka pafupifupi 10,000 zapitazo, anthu atayamba kulima ndi kusunga mbewu. Pachilumba cha Cyprus anafukula manda a zaka 9,500 momwe munthu anaikidwa pafupi ndi mphaka. Chimene chinamukoka vumbwe ndi mbewa zobwera kudzadya mbewu, mbewuzo iye analibe nazo ntchito, ndipo m'zaka zonsezi m'mimba mwake simunasinthe kwenikweni.

Galu wakhala akudya zotsala za anthu mpaka thupi lake linazolowera ufa. Mphaka ndi wodya nyama basi. M'malovu ake mulibe zogayira sitachi zimene ife tili nazo. Chiwindi chake chimaphwanya mapuloteni usana ndi usiku kuti chipeze mphamvu, ndipo akasowa m'chakudya chimayamba kudya minofu ya mwini wake. Mu 2005 akatswiri a ku Monell Chemical Senses Center ku Philadelphia anasonyeza kuti lilime la mphaka silimva n'komwe kutsekemera. Akamanyambita keke kapena chitumbuwa, akutsata mafuta. Mu 2011 ofufuza a ku Netherlands anawerengera zimene amphaka olowerera amadya akamadzisakira okha, ndipo anapeza kuti mphamvu zawo 52 peresenti zimachokera ku mapuloteni, 46 peresenti ku mafuta, ndipo sitachi ndi shuga ndi 2 peresenti yokha.

Mbewa imodzi ili ndi makalori pafupifupi 30, ndipo gawo lalikulu la thupi lake ndi madzi. Mphaka wa makilogalamu 4 amafuna makalori 200 mpaka 250 pa tsiku, kutanthauza mbewa 7 kapena 8, iliyonse yoibisalira, yoithamangitsa, zina n'kupulumuka. Anthu a ku Chipata ndi ku Katete amene anakula akukumba mbewa m'chilimwe akudziwa thukuta limene kanyama kameneka kamafuna. Chakudya chilichonse chimene mukufuna kupatsa mphaka wonenepa chiyezeni ndi mbewa: kodi nyama ndi yochuluka, madzi alimo, ndipo chikubwera pang'onopang'ono?

Nsima ikulephera mayeso amenewa. Siipha mphaka, sitachi yophika amatha kuigaya, koma imadzaza mimba popanda kupereka zimene thupi likufuna. Komanso mphaka sadya nsima yopanda ndiwo. Amaidya ikanyowetsedwa ndi msuzi, ndipo pamsuzipo ndi pamene pagona nkhani. Supuni yaikulu imodzi ya mafuta ophikira, saladi uja, ili ndi makalori pafupifupi 120, theka la chakudya cha mphaka cha tsiku lonse. Mayi amene akukokota poto wa nkhuku n'kuthira m'mbale ya mphaka amaona ngati angomulawitsa, chonsecho amupatsa chakudya cha m'mawa ndi chamasana pa kamodzi. Msuziwo ulinso ndi anyezi, mwina ndi adyo, ndipo ziwirizi zimaphwanya maselo ofiira a magazi a mphaka, zikhale zophika kapena zaziwisi.

Mkaka nawo tiuchotse m'maganizo. Amphaka ambiri akakula sagaya bwino shuga wa mumkaka ndipo amatsegula m'mimba. Amene sutsegula umangowanenepetsa.

Nanga kapenta? Apa ambiri amadabwa, poti mphaka akangomva fungo lake amachita misala. Kapenta ndi nyama ndithu, ndipo amadyedwa ndi mafupa omwe, zomwe zimapereka kashiamu. Koma wouma uja madzi anachokamo, ndiye kachikhatho kamodzi kali ndi mphamvu zambiri, ndipo wa ku Siavonga nthawi zambiri amaumitsidwa ndi mchere. Mphaka wodya nsomba zokhazokha kwa miyezi amathanso kudwala: nsomba zina zosaphika zimawononga vitamini B1 m'thupi mpaka mphaka kumadzandira, ndipo nsomba za mafuta zikachuluka zimayambitsa kutupa kopweteka kwa mafuta a pansi pa khungu. Tinsomba 3 kapena 4 toviika m'madzi kuti mchere uchoke ndi mphatso yabwino. Kapenta asakhale ndiye chakudya.

M'sitolo

Chakudya cha amphaka chogulitsidwa chili mitundu iwiri, timibulu touma ta m'thumba ndi chonyowa cha m'zitini kapena m'timapaketi. Chouma ndi chotchipa ndipo sichiwonongeka msanga, n'chifukwa chake chafala. Madzi ake ndi 10 peresenti kapena kucheperapo, ndipo magalamu 100 amakhala ndi makalori 350 mpaka 400. Kuti timibuluto tigwirane amaikamo chimanga, tirigu kapena mpunga, kenako amatipaka mafuta kunja kuti tinunkhire. Chonyowa ndi madzi 75 mpaka 80 peresenti, ndipo magalamu 100 amakhala ndi makalori 70 mpaka 100. Pa makalori omwewo, mphaka wodya chonyowa amaona mbale yodzaza, mimba imakhuta, komanso amalandira madzi amene mwa chibadwa chake sakonda kumwa. Kwa mphaka wofunika kuonda, ine ndimaika chonyowa patsogolo, ngakhale kamodzi pa tsiku ngati thumba silikulola kawiri.

Chili ndi zovuta zake kuno. M'kutentha kwa Okutobala, chitini chotsegula chimasasa msanga ndipo ntchentche sizichedwa. Chotsala m'mbale pakatha ola limodzi chitayidwe, chotsala m'chitini chipite mu filiji. Amene anaona kuzima kwa magetsi kwa 2024, madzi atatsika ku Kariba, akudziwa kuti filiji si yodalirika nthawi zonse, ndiye timapaketi ta magalamu 85 totha pa kamodzi ndi tabwino kuposa chitini chachikulu. Chouma nachonso chisungidwe pouma, m'chigoba chotseka. Mu Ogasiti 2024 Unduna wa Zaumoyo ku Zambia unalengeza kuti agalu pafupifupi 400 anafa atadya zakudya za chimanga chokhala ndi aflatoxin, poizoni wochokera ku chuku. Thumba lonunkha chinyontho kapena la timibulu tomatana lisapatsidwe chiweto chilichonse.

Pogula, siyani chithunzi cha nsomba ndi nkhuku chakutsogolo, tembenuzani thumbalo. Zinthu zimalembedwa motsatana ndi kulemera kwake, choncho nyama, nkhuku kapena nsomba ikhale poyamba, chimanga chisatsogole. Pakhale mawu osonyeza kuti ndi chakudya chokwanira pachokha, popeza timapaketi tina ndi tongolawitsa. Pa chouma, mapuloteni akhale 35 peresenti kapena kuposa, mafuta akhale otsikirapo. Mawu akuti "light" musawakhulupirire msanga, akhoza kungotanthauza kuti makalori ndi ochepa poyerekeza ndi chakudya china cha kampani yomweyo. Zakudya zoondetsera zenizeni, zimene zimagulitsidwa ku zipatala za ziweto, n'zodula, koma zili ndi chifukwa chake. Mukadula kwambiri chakudya wamba mumadulanso mavitamini ndi mapuloteni, pamene izi anazipanga kuti makalori achepe koma zofunikazo zikhalebe zokwana. Mphaka wofunika kutaya theka la kilogalamu akhoza kuonda ndi chakudya wamba choyezedwa. Wofunika kutaya makilogalamu 2 ndi amene ndalamazo zimamuyenera.

Chakudya cha agalu ayi, ngakhale thumba lake ndi lalikulu ndi lotchipa. Mphaka sapanga taurine wokwanira m'thupi mwake, amamupeza mu nyama. Akasowa, maso amachita khungu ndipo mtima umafutukuka n'kufooka. Mu 1987 Paul Pion ndi anzake a ku University of California ku Davis anasonyeza kuti matenda a mtima amene ankapha amphaka ambiri ankayamba chifukwa cha kuchepa kwa taurine m'zakudya zogula, makampani anaonjezera, ndipo matendawo anachepa kwambiri. Chakudya cha agalu sichipangidwa motsata muyeso umenewo.

Ena adzati, nkhuku zili mbwee m'mafamu a Chongwe, bwanji osangomuphikira? Nyama ya nkhuku yowiritsa, yopanda khungu, mchere kapena mafuta, ndi yabwino, mitima ndi nthutumba zomwe. Koma mnofu wokhawokha ulibe kashiamu wokwanira, mbewa ija imadyedwa ndi mafupa, chiwindi ndi ubongo. Chiwindi chikachuluka chimaunjika vitamini A mpaka mafupa a khosi kuuma, ndipo mafupa ophika amathetheka n'kubaya m'matumbo. Wofuna kuphika yekha tsiku lililonse apemphe dokotala amulembere kasakanizidwe kake. Kwa ambiri, chapafupi n'chakuti chogula chokwanira chikhale maziko, nkhuku yowiritsa ikhale yoonjezera pang'ono.

Zingati, ndipo mofulumira bwanji

Tiyerekeze mphaka wa makilogalamu 6 amene ayenera kulemera 4 ndi theka. Chakudya chimawerengedwa potengera kulemera kumene akupita. Mwa kawerengedwe ka madokotala, ameneyu ayambire pa makalori pafupifupi 175 pa tsiku. Ngati ndi chouma cha makalori 380 pa magalamu 100, ndiye magalamu 45 kapena 46 basi. Muike pa sikelo muone kuchepa kwake: sichidzaza n'komwe theka la kapu ya tiyi. Amene amathira ndi maso, kapena kutapa ndi dzanja, amapereka kawiri kuposa pamenepo osadziwa. Kasikelo ka m'khitchini koyeza magalamu kamathandiza kuposa thumba lodula. Ngati ndi chonyowa, ndi timapaketi 2 ndi timibulu towerengeka. Posintha mtundu wa chakudya, sakanizani chatsopano ndi chakale kwa mlungu umodzi, poti mphaka amakayikira chilichonse chachilendo.

Aziwonda 1 peresenti ya thupi lake pa mlungu, asapitirire 2. Kwa mphaka wathu uja ndi magalamu 60 pa mlungu, ndipo ulendo wonse utenga miyezi 6 mpaka 8. Muyezeni pa milungu 2 iliyonse. Sikelo yolendewera ya kumsika, mphaka ali m'dengu kapena m'chikwama, imasonyeza bwino kuposa ya kubafa.

Kufulumira n'koopsa, ndipo apa mphaka amasiyana ndi galu komanso munthu. Mphaka wonenepa akasiya kudya, thupi limatumiza mafuta ochuluka ku chiwindi, chiwindicho chimalephera kuwagwiritsa ntchito onse, amaunjikana mpaka chimasiya kugwira ntchito. Mphaka amayamba kusanza, kutuluka dovu, m'maso ndi m'makutu mumachita chikasu, ndipo popanda chithandizo amafa. Zimayamba pakangopita masiku ochepa osadya. Choncho maganizo akuti "musiyeni, njala ikamupweteka adya yekha" amagwira pa galu koma pa mphaka wonenepa amapha. Akakana chakudya chatsopano tsiku lathunthu, bwererani ku chakale muyambenso pang'onopang'ono. Akafika masiku 2 osadya kanthu, apite kuchipatala. Ndipo asapatsidwe Panado ngakhale kachidutswa, paracetamol ndi poizoni kwa mphaka.

Chovuta kwambiri si masamu, ndi anthu a m'nyumba. Bambo amamupatsa popita kuntchito. Mayi, posadziwa, amamupatsanso. Wothandiza ntchito za pakhomo amamuponyera khungu la nkhuku kuti achoke m'miyendo. Ana amamugawira soseji pansi pa tebulo. Madzulo agogo amamumva akulira n'kunena kuti, "Iwe, kamupatse mnzakoyo, mukumupha ndi njala." Mwana amayankha, "Agogo, wadya kale," koma agogo samva zimenezo, kwa iwo kumana cholengedwa cholira pakhomo ndi nkhanza. Aliyense akunena zoona akamati anangomupatsa pang'ono. Njira yake ndi yakuti m'mawa munthu mmodzi ayeze chakudya cha tsiku lonse n'kuchiika m'kabotolo koonekera. Aliyense wofuna kudyetsa mphaka, agogo omwe, atape mmenemo. Botolo likatha, za lero zatha.

Chakudyacho chigawidwe ka 4 kapena ka 5, gawo lomaliza pogona kuti asakudzutseni mbandakucha. Kulira kwina si njala, mphaka anangophunzira kuti akalira munthu amadzuka. Muyankheni ndi chingwe chomangirira nthenga ya nkhuku, mumuthamangitse nacho mphindi zingapo. Timibulu tina ikani m'botolo la pulasitiki loboola timabowo m'mbali kuti azichita kuligubuduza, tina bisani pa windo kapena pamwamba pa kabati. Wokhala ndi bwalo amulole kutuluka masana, bola pamalopo pasakhale potchera mankhwala a makoswe. Pakhomo pa amphaka angapo, aliyense adyere m'chipinda chake, apo ayi wonenepayo adzamaliza mbale za anzake. Mbale ya galu ichotsedwe akangomaliza. Ndi bwinonso kudziwitsa oyandikana nawo, chifukwa mphaka wochepetsedwa chakudya amadziwa kukwera mpanda n'kukadandaula khomo lina.

Pakatha mwezi sikelo isanasunthe, yambani mwafufuza amene akumudyetsa mobisa, kenako dulani chakudya ndi 10 peresenti. Akafika pa kulemera koyenera, onjezerani pang'ono chabe, 10 peresenti yomweyo, ndipo pitirizani kuyeza chakudya ndi kumuika pa sikelo mwezi uliwonse, popeza thupi limene linanenepapo limafuna makalori ochepa ndipo limabwerera msanga. Koma mphaka wachikulire amene wayamba kuonda yekha chakudya chisanasinthe, akumwa madzi kwambiri ndi kukodza pafupipafupi, musamusangalalire. Zimenezo ndi zizindikiro za shuga, impso kapena chithokomiro, ndipo akufunika kupimidwa magazi ndi mkodzo.